Kusakaniza 5-MeO-DMT ndi ayahuasca

Mwafunsa ngati 5-MeO-DMT, mankhwala ozunguza bongo opezeka mu ululu wa chule wa m'chipululu cha Sonora komanso m'njere za mtengo wa yopo, angasakanizidwe ndi ayahuasca, chakumwa chozunguza bongo chopangidwa kuchokera ku zomera za ku South America. Chonde musayerekeze. Thupi limaphwanya 5-MeO-DMT ndi enzyme (chinthu chophwanya mankhwala m'thupi) yotchedwa MAO-A, ndipo harmine ndi harmaline, mankhwala a mu ayahuasca, amaitsekereza. Zikatero serotonin, yomwe imatumiza mauthenga mu ubongo, imachulukitsa: thupi limatentha, minofu imauma gwa, mtima umathamanga, ndipo munthu akhoza kufa.

Ngakhale osasakaniza, womusuta amataya nzeru m'masekondi ochepa, kwa mphindi pafupifupi 20. Akasanza ali chagada amatsamwa, choncho mugonekeni chammbali, ndipo akayamba kubanika itanani achipatala msanga. Ku United States 5-MeO-DMT ndi woletsedwa kuyambira 2011.