Kodi sukulu ya ntchito zamanja ingamumasule mwana wamanyazi?

Mayi wina wa ku Dedza wanditumizira imelo yofunsa ngati sukulu ya ntchito zamanja ingathandize mwana wawo kuphunzira kukhala ndi anthu, popeza chilepherereni mayeso a MSCE amangobindikira m'nyumba ndipo sayang'ana munthu kumaso. Funso lanuli landikhudza kwambiri, Mayi, chifukwa mnyamata amene mukufotokozayo ndinali ine.

Nditalephera Fomu 4, amalume anandilembetsa maphunziro a ukalipentala, ndipo ndinapita monyinyirika poganiza kuti kumeneko n'kotayako anthu olephera. Kupatula kupala matabwa ndi kudula ndi sowo, tinkaphunziranso kalankhulidwe ndi kayendetsedwe ka bizinesi, ndipo mayeso ake ndinkakhoza bwino, koma manyazi anga anali pomwepo. Zinthu zinasintha atanditumiza ku atachimenti kwa mmisiri wina wachikulire amene anali ndi shedi m'mbali mwa msewu. Mphunzitsi wina wa kupulayimale anaitanitsa chitseko n'kupereka dipoziti, ndipo abambowo anandituma kukayeza felemu. Ndinayeza mothamanga chifukwa ndinkachita manyazi kukhalitsa pakhomo pa eni, mwakuti chitseko chija titakachiika chinaperewera zala ziwiri. Ine ndinkayembekeza kuti abwana akandilankhulira, koma iwo anangoti, "Mwana wanga, anayeza ndiwe, ndiye wokapepesa ndiwenso."

Ulendo umenewo sindidzauiwala. Ndinaima pakhonde miyendo ikunjenjemera, ndinavomera kulakwa, ndinapirira mawu owawa, kenaka tinagwirizana tsiku lobweretsa chitseko china, ndipo thabwa lake ndinagula ndi ndalama yanga ya thiransipoti. Kwa mlungu wathunthu ndinayenda wapansi, koma kuyambira pamenepo ndinayamba kuyeza kawiri, kunena mtengo mosagwedezeka mawu, ndi kukana ntchito imene ndikudziwa kuti sindingaimalize pa nthawi yake.

N'chifukwa chake ndimakwiya ndikaona mmene ena amachitira ndi ophunzira a atachimenti. Bungwe la TEVETA, loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1999, limalandira kuchokera kwa olemba anthu ntchito ndalama yokwana 1 peresenti ya malipiro a antchito awo kuti maphunzirowa ayende. Makoleji alipo, monga Soche, Nasawa, Namitete, Salima, Lilongwe, Mzuzu ndi Livingstonia, komanso makoleji a m'madera amene boma linayamba kutsegula mu 2015, kuyambira ku Ngara m'boma la Karonga. Komatu mwana akachoka kumeneko n'kufika pa kampani imene ikungomutuma kugula tchipisi ndi kusesa, osamulola kukumana ndi kasitomala, ameneyo waberedwa gawo lenileni la maphunziro ake, ngakhale satifiketi atailandira. Poyamba ndinkati vutoli ndi laling'ono, koma lero ndikunena mosabisa kuti ndi kuba.

Palinso akuluakulu ena amene amati achinyamata akusowa mwambo chifukwa kulibe Apayoniya. N'zoona kuti gulu la Malawi Young Pioneers linkaphunzitsa ulimi ndi maluso ena lisanathetsedwe asilikali atalilanda zida mu Disembala 1993, pa zimene zinatchedwa Operation Bwezani. Koma amene anaimitsidwapo pachipata cha msika chifukwa chosowa khadi la chipani akudziwa kuti mwambo wa mantha umaphunzitsa munthu kumvera wamphamvu ndi kuopseza wofooka. Mwana wanu ndi wamantha kale, ndipo chimene akusowa ndi ntchito imene ikalakwika, dzina lotchulidwa likhale lake.

Tsono muchite chiyani?

Mutumizeni, Mayi, koma ntchitoyo asankhe yekha, kaya ndi yowotcherera, zomangamanga, utelala kapena zamagetsi. Tsimikizani kuti sukuluyo inalembetsedwa ku TEVETA, ndipo funsani kumene ophunzira ake amapita ku atachimenti ndi ntchito zimene amagwira akafikako. Malo m'makoleji a boma ndi ochepa, choncho akapanda kusankhidwa mupezereni mmisiri wodziwika ndi kukhulupirika, ndipo pambuyo pake adzathe kukayesedwa luso lake kuti alandire pepala. Tsiku lokafunsa za malo mumuperekeze mpaka pageti, koma mu ofesi alowe yekha ndi mapepala ake m'manja.