Makakitasi akuola ku Chitakale: kodi angatheke kuno kwa mvula?

Mayi ena a kufupi ndi Chitakale anditumizira imelo. Akuti anagula makakitasi (zomera zaminga zosunga madzi m'thupi) atatu ku Blantyre, aang'onoang'ono a m'timiphika tapulasitiki. Atafika nawo kunyumba anawasamutsira m'zitini zikuluzikulu n'kuthiramo dothi la kudimba losakaniza ndi manyowa a ng'ombe. Wozungulira anamuika panja pamasitepe, wautali pabalaza pafupi ndi TV, wamutu wofiira pawindo, ndipo onse amathiriridwa m'mawa uliwonse limodzi ndi maluwa ena. Pano wapamasitepe wafewa kutsinde ndipo akununkha, wapabalaza akukula moonda kunsonga, mtundu wake woyezuka. Funso lawo n'lakuti: kodi zomera zimenezi zingatheke kuno, kapena angotaya ndalama?

Zingatheke, mayi, koma keni yothirira ija muyambe mwaiika patali.

Tiyambe ndi kumene zomerazi zimachokera. Pafupifupi makakitasi onse kwawo ndi ku America, ndipo ambiri amene amagulitsidwa m'timiphika ndi a kumadera ouma a ku Mexico ndi ku South America. M'chipululu cha Sonora, kumene kumamera makakitasi ataliatali aja timawaona pazithunzi, malo ambiri mvula ya chaka chonse sifika mamilimita 400. Kuno kuminda ya tiyi imapitirira 1,500. Kakitasi wa kouma amasunga madzi m'thupi mwake, timabowo take topumira amatitsegula usiku n'kutitseka masana kuti asataye chinyezi, ndipo mizu yake inazolowera kumwa mwachangu mvula ikagwa, nthaka n'kuumanso posachedwa. Mizu yotereyi ikakhala m'dothi lonyowa kwa masiku angapo imabanika, imafa, ndipo kuolako kumakwera m'kati mwa tsinde. Pamene inu mukuona kufewa kunja, m'kati munawonongeka kale.

Dothi lathu lofiirali, limene tiyi amakondwa nalo, limagwira madzi nthawi yaitali, ndipo mukaliika m'chitini limagwirana n'kutseka mpweya. Onjezanipo manyowa, ndiye kuti chinyezi sichichoka n'komwe. Koma chimene chimapha makakitasi ambiri kuno, mwa kuona kwanga, ndi chiperoni. Mvula ya Januwale aliyense amaiopa n'kuthawitsa miphika. Kuwaza kwa Juni ndi Julaye anthu amakupeputsa, pamene nthawi imeneyo kakitasi amakhala atapuma chifukwa cha kuzizira, sakukula, sakumwa. Madzi aliwonse olowa mumphika amangokhala momwemo, dzuwa loti liwaumitse palibe, nthawi zina masiku angapo otsatizana.

Choncho chinthu choyamba ndi denga. Makakitasi a kouma akhale pakhonde pamene mvula sifika ngakhale itabwera ndi mphepo, koma pamene dzuwa limafikapo maola anayi kapena kuposa. Khonde loyang'ana kumpoto ndiye labwino, chifukwa nyengo yozizira dzuwa limadutsa mbali ya kumpoto, komanso mwera wobweretsa chiperoni umawomba kuchokera kummwera chakummawa. Loyang'ana kummawa limapereka dzuwa la m'mawa lofatsa bwino, bola miphika muikokere kukhoma kuwaza kukayamba. Muiike pathandala kapena panjerwa, isakhale pasimenti pamene madzi amadikha.

Chachiwiri ndi chodzalamo, ndipo apa ndikhalitsapo. Musagule chilichonse chodula. Tengani mchenga wa kumtsinje wokhakhala, wokhala ndi timiyala, osati wosalala wopulasitalira nyumba uja, chifukwa umenewo ukanyowa umagwirana. Phwanyani njerwa zootcha mpaka tizidutswa tikhale tosaposa njere ya chimanga, musefe, fumbi lofiiralo mutaye. Sakanizani magawo awiri a mchenga, gawo limodzi la njerwa, ndi gawo limodzi la dothi lakuda la pansi pa mitengo lowolerana bwino. Timakala tophwanya totsalira pansi pa thumba mukhoza kuwazamo pang'ono. Mukatha, nyowetsani pang'ono, mufumbate m'dzanja, mutambasule. Chikatsala chibuma chokhala ndi zidindo za zala zanu, onjezani mchenga ndi njerwa. Chikamwazika chokha, zatheka.

Mphika wadothi wa amayi oumba umaposa chitini ndi pulasitiki, chifukwa umatulutsa chinyezi m'mbali monse. Apempheni akubooleni pansi asanauotche. Ukhale waung'ono, wongoposa thupi la kakitasiyo ndi chala chimodzi kapena ziwiri mbali zonse. Zitini zanu zikuluzikulu zija zili ndi dothi lambiri limene mizu silifikako, ndipo limenelo ndi limene silimauma. Ena amati mphika wopanda bowo ungoika miyala pansi. Sizithandiza, madzi amakhalabe momwemo.

Kathiridwe kake alibe tsiku loikika. Lowetsani kamtengo kouma kowonda mpaka pansi pa mphika, mukasiye kamphindi, muzule. Kakatuluka kozizira kapena komata dothi, dikirani. Kakatuluka kouma, thirirani mokwanira mpaka madzi atuluke pansi, ndipo otsalira m'mbale mutaye. Kuyambira Seputembala mpaka mvula itayamba mungapezeke mukuthirira pakatha sabata kapena awiri. M'dzinja motalikirapo, chifukwa mpweya umakhala wachinyezi kale. Juni ndi Julaye asiyeni osawapatsa kanthu. Akakwinyika pang'ono musade nkhawa, adzadzadzanso kukayamba kutentha.

Tsopano atatu anu aja.

Wofewa kutsinde muzuleni lero. Mugwireni ndi nyuzipepala yopindapinda kuti minga isakulaseni. Pukutani mpeni wakuthwa ndi sipiriti, mudule pamwamba pa poolapo, muyang'ane podulapo. Mukaona kadontho kabulauni kapena mzere wakuda pakati, pukutaninso mpeni, mudulenso pamwamba, mpaka mnofu uoneke woyera monse. Mutu wabwinowo muuike pamthunzi popita mphepo, bala likuyang'ana kumbali, kwa masabata awiri kapena kuposa, mpaka liume n'kuchita chikhungwa. Kenako muukhazike pamwamba pa chosakaniza chouma, osaukwirira, osauthirira mpaka utatulutsa timizu. Kuola kukakhala kuti kwafika mpaka kunsonga, mutayeni pamodzi ndi dothi lake.

Wapabalaza akusowa kuwala, n'chifukwa chake akudzikoka kufunafuna dzuwa. Poondapo sipadzanenepanso, koma zimene adzamere pamwamba zidzakhala zabwino. Musamutulutsire padzuwa lamphamvu tsiku limodzi, makamaka mu Okutobala, angapse zigamba zoyera zosachira. Muyambe ndi dzuwa la m'mawa lokha kwa sabata ziwiri, muzionjezera pang'onopang'ono.

Wamutu wofiira ndi zomera ziwiri zolumikizidwa. Mutuwo ndi Gymnocalycium wopanda kubiriwira kumene zomera zimapangira chakudya, ndiye amadyetsedwa ndi tsinde lobiriwira la ngodya zitatu lapansilo. Amafuna powala koma osati dzuwa la masana, ndipo pawindo mwamuikapo pali bwino. Ngakhale mumusamale bwanji, kawirikawiri sakhalitsa zaka zambiri, ndiye akadzafa musadzadziimbe mlandu. Ine sindilimbikitsa munthu woyamba kumene kuti agule ameneyu.

Amene ndimalimbikitsa kuno ndi makakitasi a m'nkhalango, amene kwawo amamera pamitengo ndi pamatanthwe m'malo a nkhungu. Schlumbergera, wa timagawo taphanthiphanthi tolumikizana, amachokera kumapiri achinyezi a kummwera chakummawa kwa Brazil. Azungu a kumpoto amamudziwa ndi maluwa a pa Khirisimasi, koma kuno kummwera amachita maluwa usiku ukatalika, cha m'Meyi ndi Juni, pamene maluwa ena ambiri atha. Epiphyllum oxypetalum amatulutsa duwa lalikulu loyera lonunkhira limene limatseguka usiku umodzi wokha, pofika m'mawa lafota. Palinso Rhipsalis baccifera, wolendewera ngati zingwe, amene ndi kakitasi yekhayo womera yekha m'nkhalango za mu Africa, komanso ku Madagascar ndi ku Sri Lanka. Ngakhale dragon fruit amene anthu ayamba kudzala masiku ano ndi kakitasi woyanga. Onsewa amakonda mthunzi wopepuka ndi mpweya wachinyezi, ndipo m'chosakaniza chawo mumaonjezera masamba owola ndi makungwa ophwanya. Madzi amamwa kuposa anzawo aja, komabe bowo pansi pa mphika n'lofunika chimodzimodzi.

Mukamakagulanso, dziwani kuti si chomera chilichonse chaminga chimene chili kakitasi. Ogulitsa ena amasakaniza ndi abale ake a nkhadze. Yang'anitsitsani pamene minga ikutulukira: kwa kakitasi imatuluka pakachitumbu kaubweya. Abale a nkhadze alibe kameneka, ndipo akakandika amatuluka utomoni woyera, umene ndi woopsa m'maso ndipo umawotcha khungu. Pakhomo pa ana aang'ono ine sindingawaike pofikira.

Tizilombo timene mudzalimbane nato kwambiri ndi toyera tonga thonje, tamtundu umodzi ndi kodikodi wa pachinangwa. Timabisala m'mizere ya tsinde ndi pakati pa minga, nthawi zina kumizu komwe, ndipo mukaona nyerere zikukwera mphika mudziwe kuti tilipo. Kulungani thonje kukamtengo, muviike mu sipiriti, muzitikhudza kamodzikamodzi, chomeracho chili pamthunzi. Mubwerezenso pakatha sabata chifukwa mazira amatsala. Kakitasi aliyense watsopano muzimuika payekha kwa mwezi musanamuphatikize ndi ena.

Anzanu akadzakupatsani kakitasi wa zikhatho zaphanthiphanthi, Opuntia, mulandireni, ndi wosavuta, koma akhale wa mumphika basi. Chikhatho chilichonse chogwa pansi chimamera. Ku Australia anadzaza minda ndi malo odyetsera ziweto mpaka m'ma 1920 anachita kuitanitsa kagulugufe ka ku Argentina kotchedwa Cactoblastis kuti mbozi zake zimudye. Zodulira zake musataye kudzala kapena m'mphepete mwa mtsinje, muziumitse pamalata n'kuziotcha. Timinga take tating'onoting'ono tikakulowani m'zala, matanipo selotepi n'kumatula, kotsalako muzule ndi kopanira nsidze.