Chilungulira cha usiku, ndi nkhani ya mkaka imene yandiputa

Achemwali ena andilembera imelo. Akuti akangogona pamtima pamatentha, madzi owawasa amakwera mpaka kukhosi, m'mawa amadzuka mawu atasasa, ndiye anzawo kuntchito awauza kuti amenewo ndi maalasa, azingomwa mkaka. Akufunsa ngati zili zoona.

Achemwali, pa mkakapo ndi pamene mwandiputa. Inetu vuto limeneli ndalimbana nalo nthawi yaitali, ndipo aliyense amene ndinkamudandaulira ankasanduka dokotala pompo. Uyu akuti mkaka, uyu akuti soda wa m'madzi, winanso akuti siya tsabola, siya matimati, siya tiyi, siya anyezi, mpaka ndinafunsa kuti nanga ndizidya chiyani abale, mpweya? Nthawi imeneyo ndinkaweruka mochedwa, kufika pakhomo ndi njala ya tsiku lonse, kudya zokazinga mbale yodzadza kenako kudziponya pabedi lamba ali chimangire. Pakati pa usiku ndinkadzidzimuka ndikutsokomola, mkamwa muli kuwawasa, basi kukhala tsonga kudikira kuti motowo uzime, m'mawa kupita kuntchito maso ali psuu. Chodabwitsa n'chakuti woyamba kundifunsa mafunso olondola anali dokotala wa mano, ataona kuti mano anga akudyeka chamkati. Asidi amene ankakwera usiku uja ndiye ankawadya.

Zimene zimachitika ndi izi. M'chifu mwa munthu aliyense muli asidi wamphamvu, hydrochloric acid, ndipo chifucho chili ndi zoterera zimene zimachiteteza. Kummero chitetezo chotero kulibe. Pamene mmero umakumana ndi chifu pali kamnofu kozungulira kamene kamatseguka chakudya chikamatsika n'kutsekanso, ndiye kakafooka kapena kakamatseguka pa nthawi yolakwika asidi amabwerera m'mwamba. Botolo lodzadza losatseka bwino mukaligoneka limatayikira, n'chifukwa chake usiku zimanyanya. Fodya, mowa, khofi, chokoleti ndi zakudya zamafuta zimafooketsa kamnofuko, kunenepa pamimba ndi kukhala ndi pathupi kumakankha chifu, ndipo ena ali ndi hiatus hernia, mbali ya chifu imakwera kulowa m'chifuwa.

Koma chimene chimandinyansa ine ndi chizolowezi chomati chilichonse chopweteka pamwamba pa mchombo ndi maalasa. Ayi ndithu. Maalasa ndi zilonda za m'mimba, n'zosiyana ndi chilungulira, nthawi zambiri zimayamba ndi kachilombo kotchedwa H. pylori kapena mankhwala opha ululu monga ibuprofen, diclofenac ndi aspirin, amene anthu timangomeza ngati palibe vuto. Ndipo nkhani ya kachilomboka imandisangalatsa, mu 1984 dokotala wa ku Australia, Barry Marshall, anachita kumwa dala tizilomboti kuti atsimikizire anzake amene sankamukhulupirira, anadwaladi, ndipo mu 2005 iye ndi Robin Warren analandira mphoto ya Nobel. Munthu anadzidwalitsa kuti tidziwe zoti zilonda zimenezi zimachira ndi maantibayotiki, koma mpaka lero tikuuzanabe za mkaka eti.

Mkaka umaziziritsa kwa kanthawi, zimenezo sindikana, koma ukafika m'chifu umachititsanso kuti asidi atuluke wina, ndipo wa mafuta ambiri umafooketsanso kamnofu kaja. Soda naye ali ndi sodium wambiri, uja wopezekanso mu mchere, wa BP asamasewere naye. Ndipo pamene munthu akuzimitsa moto tsiku ndi tsiku choncho mmero ukupsa, umatha kuchita zilonda, pochira n'kuchepa njira mpaka chakudya kumakakamira, kwa ena khungu la mkati limasintha n'kukhala chimene madokotala amati Barrett's oesophagus, ndipo mwa ochepa zimenezi zimadzafika pa khansa. Sindikukuopsezani, ambiri safika kumeneko, koma chilungulira chobwera kawiri pa sabata kapena kuposa si chozolowera.

Ndiye muchite chiyani?

Idyani maola 3 musanagone, ndipo usiku musakhute kwambiri. Kwezani bedi chakumutu ndi masentimita 15 mpaka 20 poika matabwa pansi pa miyendo yake, mapilo ambirimbiri amangokupindani pamimba. Gonerani kumanzere. Musasiye zakudya zonse, onani zimene zimakuputani inuyo, ine tsabola sandivuta koma khofi wa madzulo ndiye ayi. Maantasidi, mankhwala ozimitsa asidi, amathandiza apo ndi apo, omeprazole, wochepetsa asidi amene chifu chimatulutsa, amagwira bwino mukamwa mphindi 30 musanadye m'mawa, koma poti inu zafika posasa mawu kaonaneni ndi dokotala kaye. Mukamavutika kumeza, kuonda popanda chifukwa, kusanza magazi kapena kuchita chimbudzi chakuda bii, musadikire. Ululu wa pachifuwa ukamafika kudzanja kapena kunsagwada, thukuta lili kamukamu, umenewo ukhoza kukhala mtima, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo.