Bufe ya pakati pa usiku pa sitima zapamadzi inapita kuti?

Mayi, mwanena kuti azakhali anu anakwerapo sitima yapamadzi yokaona malo m'zaka za m'ma 1990, ndipo mpaka pano sasiya kukamba za phwando la chakudya limene linkayalidwa 12 koloko usiku. Inu mukukonzekera ulendo wanu woyamba, ndiye mukufunsa ngati phwandolo lidakalipo, komanso ngati munthu njala ikamugwira 1 koloko usiku angapeze choika kukamwa. Ndaona ena akuyankhani kale kuti zinatha chifukwa makampani anayamba kuumira. Pali choonadi pamenepo, koma nkhaniyi ndi yotakata kuposa apo, ndiye mundilole nditambasule.

Mtima ukhale m'malo, simudzagona ndi njala. Chakudya cha usiku chilipo pa sitima zikuluzikulu pafupifupi zonse. Chimene chinatha ndi chionetsero chija, ndipo azakhali anu sakukokomeza. Akhukhi ankasema madzi oundana n'kupanga mbalame ndi nsomba, mavwende ankagobedwa n'kukhala maluwa, buledi ankawumbidwa ngati ng'ona, makeke ndi chokoleti zili ndandanda kuchokera kukhomo mpaka kumapeto kwa holo. Pa usiku waukulu, zitseko zinkayamba zatsegulidwa kuti anthu angoona ndi kujambula zithunzi, wosakhudza kanthu, kenako n'kutsegulanso kuti adye. Kampani ya Norwegian inatchuka ndi bufe ya chokoleti chokhachokha.

Kuti mumvetse chifukwa chake zinatha, muyambe mwaona mmene tsiku linkayendera nthawi imeneyo. Chakudya chamadzulo chinkadyedwa m'holo imodzi yaikulu, m'magulu awiri. Gulu loyamba linkakhala pansi cha m'ma 6 koloko, lachiwiri cha m'ma hafu pasiti 8. Munthu ankapatsidwa tebulo lake tsiku loyamba, ndipo ankakhala pomwepo ulendo wonse, ndi anthu omwewo, woperekera zakudya yemweyo. Holoyo ikatseka, panalibe kwina kodyera kwenikweni. Tsono taganizirani munthu amene anadya 6 koloko, waonera zisudzo, wavina, ndipo nthawi yafika 12 koloko. Njala yabweranso. Bufe ija inali yankho la vuto lenileni, komanso inali chosangalatsa chomaliza cha tsikulo pa sitima zimene zinalibe zochitika zambiri monga za masiku ano.

Chinasintha zonse ndi ndondomeko ya nthawi. M'chaka cha 2000 kampani ya Norwegian inayambitsa chimene inachitcha Freestyle Cruising: idyani nthawi imene mukufuna, ndi amene mukufuna, kumene mukufuna, ndipo suti si yokakamiza. Anthu anazikonda, makampani ena n'kutsatira, aliyense ndi dzina lake. Ku Royal Caribbean amati My Time Dining, ku Carnival amati Your Time Dining. Nthawi yomweyo sitima zinayamba kukula modabwitsa. Sitima ya Voyager of the Seas ya mu 1999 inabwera ndi msewu wa mashopu ndi malo odyera mkati mwenimweni mwa sitima, ndipo Icon of the Seas imene inayamba maulendo mu January 2024 imatha kunyamula alendo pafupifupi 7,600. Pa sitima yotere malo odyera ndi ambirimbiri, ena amatseka mochedwa, ena satseka n'komwe. Munthu amene wadya 9 koloko ndipo akudziwa kuti pizza ili pafupi sangadikire 12 koloko kuti akaime pamzere. Mbale zinayamba kubwerera kukhitchini zili zodzaza, ndipo pofika m'zaka za m'ma 2000 makampani ambiri anali ataisiya bufeyo kapena kuisandutsa ya kamodzi pa ulendo.

Kutaya chakudya panyanja si nkhani yongokhuthulira m'madzi. Pangano la mayiko lotchedwa MARPOL limati zotsala za chakudya zikaperedwa mpaka tizidutswa tosaposa mamilimita 25 zingatayidwe sitima ikakhala kutali ndi mtunda kuposa mamailosi apanyanja atatu, ndipo zosapera zimafuna mamailosi 12. M'nyanja zotetezedwa mwapadera monga Mediterranean, Baltic ndi dera la Caribbean malamulo ndi okhwima kuposa apa. Ndiye chilichonse chimene alendo angojambula n'kuchisiya chimasanduka ntchito ya munthu wina ndi makina kumunsi kwa sitima. Palinso za ukhondo. Sitima zimene zimaima pa madoko a ku United States zimayenderedwa mwadzidzidzi ndi akuluakulu a CDC, bungwe la boma la dzikolo loona za matenda, pansi pa ndondomeko imene inayamba mu 1975, ndipo sitima imayenera kupeza mapointi 86 pa 100 kuti ikhoze. Chakudya chimene chayalidwa osasungidwa pa moto kapena pozizira chimayenera kuchotsedwa maola anayi akakwana. Kachilombo ka norovirus, kamene kamatsegula m'mimba ndi kusanzitsa, kamafala msanga pamene anthu mazanamazana akugwira supuni imodzi. Mliri wa Covid unangomaliza zimene zinali zitayamba kale. Anthu oposa 700 atadwala pa sitima ya Diamond Princess ku Yokohama m'dziko la Japan mu February 2020, ndipo CDC italetsa maulendo mu March chaka chomwecho, sitima zitayambiranso mu 2021 chakudya cha pa bufe ankakugawira ndi antchito, menyu n'kumaonera pa foni. Kudzitengera kunabwerera pa sitima zambiri, koma zina za nthawi imeneyo zinakhalirira.

Pali mbali ina imene alendo sakonda kuiganizira, ndipo ine ndi imene imandikhudza kwambiri. Amene ankasema mavwende aja ndi anthu, ambiri ochokera ku Philippines, Indonesia ndi India, amene amakhala panyanja miyezi yambiri osaona ana awo ndipo amagwira ntchito tsiku lililonse la sabata. Bufe ya 12 koloko inkatanthauza kuti woperekera zakudya amene watumikira magulu awiri amadzulo akhalebe chiimire mpaka 2 koloko, atsuke, akonze, kenako adzuke kukayala kadzutsa. Pangano la ntchito za apanyanja la mu 2006, limene linayamba kugwira ntchito mu 2013, limafuna kuti wantchito apume maola osachepera 10 pa maola 24 alionse, ndi maola 77 pa sabata. Ngakhale ndi lamuloli ntchito yawo ndi yowawa. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ngati kutha kwa chionetsero chija kunawonjezera ola limodzi la tulo kwa anthu amenewa, ine sindichilira.

Tsono tibwere pa funso lanu lenileni, kuti usiku mudzadya chiyani. Zimatengera kampani. Pa Royal Caribbean muli Sorrento's ya pizza imene imatseka mochedwa kwambiri, ndi Café Promenade imene pa sitima zambiri imakhala yotsegula usana ndi usiku, muli masangweji, timakeke, khofi ndi tiyi. Pa Princess muli International Café, nayonso siigona. Pa Norwegian muli O'Sheehan's, ndipo pa sitima zatsopano dzina lake ndi The Local, kumene mumakhala pansi n'kuitanitsa chakudya chotentha monga burger kapena mapiko a nkhuku ngakhale 3 koloko m'bandakucha, osalipira kanthu kena. Kwa munthu wokonda kudya usiku, kumeneko ndiye kwabwino kuposa konse m'kuona kwanga. Carnival inadziwika kwa zaka zambiri ndi pizza ya maola 24, ngakhale kuti pambuyo pa mliri inayamba kutseka kwa maola ochepa m'bandakucha. Ku MSC bufe imakhala yotsegula mbali yaikulu ya tsiku ndipo usiku imatsala ndi pizza ndi zakudya zopepuka. Mwachidule, chakudya cha usiku cha masiku ano ndi chawamba, chokhutitsa, chosafuna kamera.

Pamene anzathu aja anena zoona ndi pa ndalama, ndipo apa ndiye mutsegule maso. Kale kuitanitsa chakudya kuchipinda kunali kwaulere nthawi ina iliyonse. Norwegian inaika mtengo wa madola 7.95 pa room service mu 2015, Royal Caribbean n'kuchita chimodzimodzi mu 2017, kupatula kadzutsa wopepuka wa buledi, zipatso ndi khofi amene anatsala waulere. Mitengo imeneyi imasinthasintha, ndiye muone pa tsamba la kampani yanu musananyamuke. Disney ndi imodzi mwa ochepa amene room service yambiri idakali yaulere usana ndi usiku. M'holo yaikulu namo zinalowa. Kumapeto kwa 2022 Carnival inayamba kulipiritsa madola asanu munthu akaitanitsa mbale yaikulu yachitatu, ndipo mu 2023 Royal Caribbean inayamba kulipiritsa lobster (nkhanu yaikulu ya m'nyanja) yachiwiri pa usiku wa lobster. Za mbale yachitatuzo sindidandaula, palibe amene amafunikira mbale zitatu. Chimene chimandiwawa ndi china. Malesitilanti apadera olipira, monga Chops Grille, Cagney's, Pinnacle Grill ndi Sabatini's, achuluka kwambiri moti nyama yabwino ndi khama la akhukhi zikuoneka kuti zikusamukira kumeneko, ndipo amene walipira tikiti yokha amayamba kumva ngati mlendo wa m'kalasi yotsika pa sitima imene anauzidwa kuti chakudya chonse chili m'tikiti. Tsiku loyamba lenilenilo amayamba kukutsatsani malesitilantiwa musanapeze n'komwe chipinda chanu. Musachite manyazi kukana. Chakudya cha m'holo yaikulu chimakwanira, ndipo nthawi zambiri ndi chokoma. Ngati mukufuna kudzisangalatsa, sankhani usiku umodzi.

Miyambo ina inangochepa mphamvu. Usiku wovala suti ndi madiresi aatali ulipobe, koma pa sitima zambiri ndi wa kufuna kwanu, ndipo mudzaona wa tayi atakhala pafupi ndi wa malaya wamba. Kudya pa tebulo la kaputeni kunasowa. Chionetsero cha Baked Alaska, pamene magetsi ankazimitsidwa operekera zakudya n'kulowa akuguba atanyamula keke ya ayisikilimu ikuyaka moto, chinatsala pa sitima zochepa, ndipo kumene chilipo moto weniweni unalowedwa m'malo ndi timagetsi chifukwa moto ndi mdani wamkulu wa sitima. Amene akufuna zakale zenizeni apite ku kampani ya Cunard. Pa Queen Mary 2, imene inayamba kuyenda mu 2004 ndipo imaoloka pakati pa Southampton ndi New York, tiyi wamasana amaperekedwa ndi antchito ovala magolovesi oyera, usiku wa gala anthu amavaladi, ndipo malo amene mumadyera amatengera mtundu wa chipinda chimene mwalipira. Kumbali inayo kuli Virgin Voyages, imene inayamba kunyamula alendo mu 2021: kulibe holo yaikulu, kulibe bufe yodzitengera, kuli malo odyera oposa 20 ndipo onse ali m'tikiti, koma salola ana.

Ngati pali chimene ndingakulimbikitseni kuti musachiphonye, ndi tebulo lokhazikika lija. Makampani ambiri amalolabe kusankha nthawi yokhazikika pogula tikiti, ndipo anthu atsopano amaithawa poganiza kuti ndi ukapolo. Koma pofika usiku wachitatu woperekera zakudya amakhala atadziwa kuti simudya tsabola, kuti mumakonda madzi opanda ayezi, kuti mwana wanu amafuna zipatso msanga asanayambe kuvuta. Kwa munthu wa matenda a shuga kapena amene zakudya zina zimamutupitsa thupi, zimenezi si zamasewera, chifukwa amakubweretserani menyu ya mawa lero kuti khitchini ikonzekere. Ndipo alendo amene munakhala nawo mwamanyazi usiku woyamba amasanduka anthu ofunsana kuti tsiku layenda bwanji kumtunda. Disney inaona phindu la zimenezi kuyambira pa sitima yake yoyamba mu 1998: alendo amasintha lesitilanti usiku uliwonse, koma operekera zakudya awo amasamuka nawo limodzi. Mukadya mwaufulu mumapeza ufuluwo, koma usiku uliwonse mumayambiranso kufotokoza kwa munthu wachilendo, ndipo nthawi ya 7 koloko pamakhala mzere pakhomo.

Pa nkhani ya njala ya usiku, kusankha gulu lachiwiri kumathetsa vuto lonse, chifukwa mumadzuka pa tebulo cha m'ma 10 koloko. Mukakhala ndi ana aang'ono kapena akuluakulu ogona msanga, tengani gulu loyamba, koma mufulumire kusungitsa chifukwa limadzaza msanga. Mukangokwera, tsegulani app ya sitimayo kapena pepala la zochitika za tsiku limene amaika m'chipinda, muone malo amene amatseka mochedwa ndiponso kuti ali pa nsanja iti, popeza sitimazi ndi zazitali ndipo kusaka pizza pakati pa usiku muli ndi tulo n'kotopetsa. Dziwaninso kuti pakati pa kutseka kwa bufe yamadzulo, cha m'ma 9 koloko kapena hafu pasiti 9, ndi kuyalidwa kwa zopepuka za usiku pamakhala kampata pa sitima zina. Ngati mumamwa mankhwala ofuna kudyera, tengani buledi, chipatso kapena yogati madzulo n'kusunga m'kafiriji ka m'chipinda, palibe amene angakuletseni. Kungoti chipatsocho musatsike nacho pa doko, chifukwa mayiko ambiri amaletsa kulowetsa zipatso ndi nyama zochokera pa sitima ndipo ena, monga Australia ndi New Zealand, amalipiritsa chindapusa chachikulu.

Azakhali anuwo muwafunse dzina la kampani imene anakwera. Ngati idakalipo, funsani amene akukugulitsani tikiti ngati pa ulendo wanu pali usiku wa phwando la pabwalo la pamwamba pa sitima, chifukwa pa maulendo ena aatali ndi pa sitima zina zing'onozing'ono amayalabe zipatso zogoba ndi makeke kamodzi, kawirikawiri cha m'ma 10 kapena 11 koloko, ndipo tsiku lake limalembedwa pa pepala la zochitika lija.