Thole laonda chilisiyitsireni mkaka: musathamangire yureya

Mayi, mwafunsa chifukwa chimene thole lanu la masabata 6 likuondera chilisiyitsireni mkaka, komanso ngati kuthira yureya (feteleza uja amene ena amapatsa ng'ombe zazikulu m'malo mwa puloteni) m'chakudya chake kungathandize. Yureyayo chonde isayandikire n'komwe, ingakuphereni tholelo.

Chifu cha ng'ombe chili ndi zigawo zinayi, koma mwa thole loyamwa chimene chimagwira ntchito kwenikweni ndi chomaliza, chotchedwa abomasum. Likamayamwa, mkaka umadutsa pakangalande kapadera, kulambalala chigawo chachikulu cha rumen. Ukafika mu abomasum umaundana chifukwa cha madzi ogaya chakudya otchedwa chymosin, ndipo puloteni yake imagayika pang'onopang'ono mpaka kusanduka ma amino asidi, tizidutswa tomangira thupi, amene amalowa m'magazi kudzera m'matumbo aang'ono. Yotayika imakhala yochepa kwambiri.

Mukachotsa mkaka, ntchito imasamukira ku rumen. M'menemo tizilombo tosaoneka ndi maso timaphwanya puloteni ya m'chakudya, timamanga nayo matupi awo, kenako thole limagaya tizilomboto n'kupeza ma amino asidi. Koma rumen sikhwima chifukwa cha masiku. Imakhwima thole likamadya zakudya za njere, zimene zikamasasa zimatulutsa asidi wokulitsa khoma lake. Lanulo mwalilanda mkaka tizilombo tisanachuluke, ndiye latsala pakati, uku kulibe uku kulibe. Yureya ilibe amino asidi ngakhale mmodzi. Mu rumen imasanduka msanga mankhwala otchedwa ammonia, ndipo tizilombo tikachepa ammonia uja amalowa m'magazi ngati poizoni.

Ma amino asidi amene amayamba kuperewera ndi lysine ndi methionine. Chimanga chili ndi lysine wochepa, n'chifukwa chake pachokha sichikuza thole ngakhale lidye chambiri. Soya ali ndi lysine wambiri, koma akhale wokazinga kapena wotenthetsedwa pofinya mafuta, chifukwa wamuwisi amatsekereza trypsin, amene amagaya puloteni m'matumbo.

Ndikanakhala ine, ndikanalibwezera pamkaka lero lomwe. Chakudya choyambira cha matole, chokhala ndi puloteni 18 mpaka 22 peresenti, chizikhala pafupi nthawi zonse pamodzi ndi madzi oyera. Madziwo ambiri amawaiwala poganiza kuti mkaka ukukwanira, chonsecho mkaka sulowa mu rumen ndipo tizilombo sitingaswane pouma. Likayamba kumaliza kilogalamu 1 kapena kuposerapo patsiku kwa masiku atatu otsatizana, muzichepetsa mkaka pang'onopang'ono kwa sabata imodzi kapena awiri. Ngati likutsegulanso m'mimba kapena likukana kudya, itanani dokotala wa ziweto osachedwa.