Akudziwa bwanji kuti nambala ya madijiti 41 miliyoni ndi pulayimu?

Aphunzitsi ena a masamu anditumizira imelo sabata yatha. Akuti mtsikana wa Fomu 3 anawapanikiza: "Nambala yaikulu ija akuti ndi pulayimu, anaigawa ndi manambala onse kuti atsimikize?" Iwo anangoti tikambirana mawa, kenako n'kundilembera ine.

Aphunzitsi, mwanayo anafunsa bwino, pakuti pulayimu ndi nambala yoposa 1 yomwe imagawika ndendende ndi 1 komanso iyo yomwe basi. Yankho ndi lakuti ayi, sanagawe. Akanatero, dzuwa likanazima ntchito isanathe.

Nambalayo ndi 2^136,279,841 − 1. Mutenge 2, muichulukitse yokhayokha mpaka ma 2 akwane 136,279,841, muchotsepo 1. Ili ndi madijiti 41,024,320. Anaipeza ndi Luke Durant wa ku San Jose, California, mu October 2024, kudzera m'gulu la GIMPS, la anthu ofufuza mapulayimu aakulu ndi makompyuta, lomwe George Woltman anayambitsa mu 1996. Manambala a mtunduwu, a ma 2 ochulukitsana kuchotsapo 1, amatchedwa dzina la Marin Mersenne, wansembe wa ku France.

Kapangidwe kakeko ndi kamene kamapeputsa ntchito. Choyamba, kanambala ka pamwambako kayenera kukhala pulayimu. Koma zimenezo sizikwanira: 11 ndi pulayimu, komabe 2^11 − 1 ndi 2047, yomwe ndi 23 × 89. Ndiye pamafunika njira ya akatswiri a masamu Lucas ndi Lehmer, ndipo ine ndimaikonda chifukwa choko ndi bolodi zikwanira kuionetsa.

Tiyese ndi 31, yomwe ndi 2^5 − 1. Yambani ndi 4. Lamulo ndi limodzi: chulukitsani nambala ndi iyo yomwe, chotsani 2, gawani ndi 31, sungani yotsala. 4 × 4 − 2 ndi 14. Kenako 14 × 14 − 2 ndi 194, ndipo 31 amalowamo kasanu ndi kamodzi, kutsala 8. Tsono 8 × 8 − 2 ndi 62, yomwe ndi 31 kawiri ndendende. Palibe chotsala. Mwabwereza katatu, kutanthauza 5 kuchotsa 2, mwathera pa ziro, basi 31 ndi pulayimu. Mukathera pena paliponse, siili pulayimu, ngakhale njirayi sikuuzani kuti imagawika ndi chiyani. Apa m'pamene ana amadabwa: munthu kudziwa kuti chinthu chimagawika osadziwa choigawa!

Pa nambala ya Durant kubwerezako kumachitika maulendo 136,279,839. N'zambiri, koma kompyuta imamaliza. Édouard Lucas yekha anatsimikiza 2^127 − 1, ya madijiti 39, popanda kompyuta mu 1876.

Mtsikanayo akafunsanso ngati imeneyi ndiyo yomaliza, muuzeni kuti Euclid, katswiri wa masamu wachigiriki, anaonetsa kalekale kuti mapulayimu satha. Koma ngati a Mersenne nawonso satha, palibe amene watsimikiza. Ya Durant ndi ya nambala 52 kupezeka.

Mawa mumupatse 127, yomwe ndi 2^7 − 1, ayese yekha, kasanu. Akuyenera kupeza 14, 67, 42, 111, kenako ziro.