Kodi ndifewetse malamulo a kayendedwe ka roketi kuti osewera atsopano asathawe?

Kalata imene ndikuyankha lero yachokera kwa wowerenga wina amene akupanga masewera a pakompyuta pamodzi ndi anzake, masewera amene wosewera amamanga yekha roketi n'kuyesa kuifikitsa mumlengalenga. Iye walemba kuti anthu amene wawapatsa kuti ayese akumasangalala pomanga, koma roketi ikagwa kangapo akumasiya osabwereranso. Funso lake ndi lakuti kodi afewetse malamulo a kayendedwe ka zinthu, monga kuchepetsa mphamvu yokokera pansi kapena kupereka mafuta osatha, kuti atsopano asamathawe.

Yankho langa, bwanawe, ndi lakuti malamulowo musawakhudze. Anthu anu sakuthawa chifukwa chakuti masewera ndi ovuta, akuthawa chifukwa roketi ikugwa iwo osadziwa chimene chaigwetsa, ndipo munthu amene sakudziwa cholakwa chake alibe choti akayese ulendo wotsatira. Ndifotokoza zimenezi potengera Kerbal Space Program, masewera omanga roketi ofanana ndi anuwo, popeza omwe anawapanga anadutsa m'mavuto anu omwewa kwa zaka zambiri, ndipo mbiri yawo ikuonetsa zimene anakhoza ndi zimene anachedwa nazo.

Masewerawa anapangidwa ndi kampani ya Squad ya mumzinda wa Mexico City, motsogozedwa ndi Felipe Falanghe. Anatuluka koyamba mu 2011, ndipo mtundu wake wathunthu woyamba unatuluka mu April 2015. Chimene anachita mwanzeru pachiyambi penipeni n'chakuti anachepetsa dziko koma anasiya malamulo ali chomwecho. Dziko lawo lotchedwa Kerbin ndi lotalika makilomita 600 kuchokera pakati kufika pamwamba, pamene dziko lathu lapansi ndi makilomita oposa 6,300, komabe mphamvu yokokera pansi pa nthaka ya Kerbin ndi yofanana ndi yathu. Mpweya wake umathera pa makilomita 70, ndipo chombo chimafunika liwiro la mamita pafupifupi 2,300 pa sekondi kuti chizizungulira dzikolo osagwa, pamene kuno chimafunika pafupifupi 7,800. Zotsatira zake n'zakuti ulendo wofika mu orbit, ndiko kuti m'njira yozungulira dziko osagwa, umatenga mphindi zowerengeka, roketi imakhala yaing'ono yoti munthu angathe kuimvetsa, koma chilichonse chimene wosewera waphunzira chimakhala choona. Ngati pali choti mufewetse m'masewera anu, ndi kukula kwa dziko ndi kutalika kwa nthawi yodikira.

Chinthu choyamba chimene chimasokoneza watsopano aliyense ndi maganizo akuti kupita mumlengalenga ndi kukwera m'mwamba. Amaloza roketi kumwamba, amatentha mafuta onse, amafika makilomita 100 kapena kuposerapo, kenako amabwerera pansi pafupi ndi pamene anachokera, n'kuganiza kuti akanakwera kwambiri sakanagwa. Zoona zake n'zakuti chombo chimakhala mumlengalenga chifukwa cha liwiro lopita chammbali. Mwala ukaponyedwa mwamphamvu umagwera patali, ukaponyedwa mwamphamvu koposa umagwera patali koposa, ndipo pali liwiro lina limene mwalawo umagwa mosalekeza koma nthaka imapindika pansi pake mofanana ndi kugwako, choncho sufika pansi. International Space Station, siteshoni ya mumlengalenga imene anthu amakhalamo, ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 400 okha, koma imathamanga makilomita pafupifupi 7.7 pa sekondi ndipo imazungulira dziko m'mphindi pafupifupi 90. Zimenezi simungazilowetse m'mutu mwa munthu ndi ndime ya mawu. Zimalowa akaona mzere wa njira ya chombo chake ukutambasuka pamene wapendeketsa roketi, mpaka mzerewo utazungulira dziko n'kudzilumikiza. Mu Kerbal mzere umenewu uli pa mapu amene amatsegulidwa ndi batani la M, ndipo watsopano amene sanauzidwe za batanilo amauluka ngati wakhungu. Inu muuike pakona ya sikirini yaikulu kuyambira ulendo woyamba, kuti dzanja likatembenuza roketi diso lione nthawi yomweyo chimene chasintha.

Chachiwiri, chimene ndikuona kuti n'chachikulu koposa, ndi nambala yotchedwa delta-v, imene imanena kuchuluka kwa liwiro limene roketi ingadzipatse isanathe mafuta. Masamu ake anafalitsidwa ndi katswiri wa ku Russia Konstantin Tsiolkovsky mu 1903, ndipo amaonetsa chinthu chowawa, chakuti mafuta aliwonse owonjezera amafunika mafuta ena oti awanyamule, kotero kuti thanki yachisanu sipindula ngati yoyamba. Ichi n'chifukwa chake roketi zimagawidwa m'zigawo zimene zimatayidwa zikatha ntchito. Kufika mu orbit ya Kerbin kumafuna delta-v ya mamita pafupifupi 3,400 pa sekondi. Wosewera amene akuona kuti roketi yake ili ndi 2,800 amadziwa asananyamuke kuti safika, ndipo amayamba kuganiza, pamene amene sakuona nambalayo amangowonjezera mathanki mpaka roketi italemera kuposa mphamvu ya injini zake n'kukhala phee pamalo onyamukira ikutulutsa moto. Chodabwitsa n'chakuti Squad sanaike nambala imeneyi m'masewera mpaka December 2018, patatha zaka zisanu ndi ziwiri. Nthawi yonseyo osewera ankadzipezera okha kudzera m'zowonjezera zopangidwa ndi anzawo, monga Kerbal Engineer Redux ndi MechJeb, ndipo watsopano, amene ankaifuna kwambiri kuposa onse, ndiye amene sankadziwa n'komwe kuti zowonjezerazo zilipo. Inu musachedwe nazo chonchi. Onetsani delta-v ya chigawo chilichonse pamalo omangira, pamodzi ndi chizindikiro chosonyeza ngati injini zingathe kunyamula kulemera kwa roketi, ndipo pambali pake lembani kuti orbit imafuna zingati ndi mwezi umafuna zingati.

Pali phunziro lina limene liyenera kubwera mochedwa, ndilo kukumanitsa zombo ziwiri mumlengalenga. Mu June 1965, pa ulendo wa Gemini 4, chombo cha bungwe la ku America la NASA, woyendetsa wake James McDivitt anayesa kuyandikira chigawo chotayidwa cha roketi imene inawakweza. Anachita zimene woyendetsa ndege aliyense akanachita, kuloza chinthucho ndi kuwonjezera mphamvu, koma chinangotalikira, mafuta ambiri n'kuwonongeka, mpaka anasiya. Chifukwa chake n'chakuti chombo chikawonjezera liwiro chimakwera njira yapamwamba, ndipo njira yapamwamba imatenga nthawi yaitali kuzungulira, choncho chimatsalira m'mbuyo. Kuti upeze amene ali patsogolo pako uyenera kutsikira njira yapansi. Kukumana koyamba kunatheka mu December chaka chomwecho, pamene Wally Schirra anafikitsa Gemini 6A pafupi ndi Gemini 7. Ngati katswiri wophunzitsidwa ndi NASA anasokonezeka, wosewera wanu wa tsiku lachiwiri asayembekezeredwe kuzitulukira yekha.

Mankhwala a vuto limeneli Kerbal anawapeza mu 2012, pamene anaika chida chotchedwa maneuver node. Wosewera amasankha malo pa njira ya chombo, amakoka timivi, ndipo masewera amajambula njira yatsopano imene chombo chingatenge, mafuta asanatenthedwe ngakhale dontho. Ndimachiona ngati mphunzitsi wabwino koposa m'masewera onsewo, chifukwa munthu amayesa maganizo ake mwaulere n'kuona yankho. Koma apa pomwe anachitanso chinthu chimene sindigwirizana nacho. Mu gawo la career, kumene wosewera amayamba ndi zochepa n'kumapeza ndalama pogwira ntchito, gawo limene atsopano ambiri amalisankha poganiza kuti ndiwo masewera enieni, chida chimenechi n'chotsekedwa mpaka wosewera atapeza ndalama zokwezera nyumba ziwiri za pamalo onyamukira. Munthu wodziwa amatha kufika ku Mun, mwezi wa Kerbin, popanda chidacho, koma wosadziwa amalandidwa chomuthandiza kuona pa nthawi imene akuchifuna. Mukafuna kutseka zinthu kuti wosewera azizitsegula pang'onopang'ono, tsekani injini zazikulu ndi zipangizo zambirimbiri zimene zimamuzunguza mutu, ndipo n'kwabwino kuti ayambe ndi zipangizo zochepa kwambiri. Zida zomuonetsa chimene chikuchitika zikhale zotsegula kuyambira pachiyambi.

Tsopano za kugwa kwenikweniko. Mu Kerbal wosewera angathe kubweza ulendo kupita pamalo onyamukira kapena kumalo omangira mosataya kanthu, ndipo mabatani a F5 ndi F9 amasunga ndi kubwezera pamene anali. Nkhope za oyendetsa zombo obiriwira a m'masewerawa, makamaka Jebediah Kerman amene amamwetulira ngakhale zinthu zikuphulika, zimasandutsa ngozi kukhala choseketsa, ndipo zimenezi si zachabe, chifukwa munthu amene waseka amayesanso. Chimene chikusowa ndi kufotokoza. Lipoti la ulendo limalemba zipangizo zimene zasweka ndi nthawi yake, koma silinena chifukwa. Roketi zambiri za atsopano zimatembenuzika mumpweya chifukwa kumutu n'kwakukulu ndi kopepuka pamene kumunsi kulibe zipsepse, kapena chifukwa wosewera wapendeketsa mwadzidzidzi liwiro lili lalikulu. Zina zimagwa chifukwa parachuti yaikidwa m'chigawo chimodzi ndi injini n'kutseguka ponyamuka. Zonsezi pulogalamu yanu ingathe kuzizindikira. Ikazindikira, ilembe chiganizo chimodzi chokha chonena chimene chachitika ndi chinthu chimodzi choti ayese, osati tsamba lonse.

Mwafunsanso mwachidule ngati mungolemba maphunziro apadera. Kerbal ali nawo, ali pa menyu yakeyake ndipo ndi odzaza ndi mawu owerenga, choncho anthu ambiri anaphunzirira pa YouTube, makamaka kwa Scott Manley. Kudalira mavidiyo a anthu ena kuli ndi msampha wake. Mu 2015 Squad anasintha kachitidwe ka mpweya kuti kafanane ndi zenizeni, ndipo malangizo akale akuti kwera molunjika makilomita 10 kenako upendeketse madigiri 45 anayamba kutembenuza roketi, koma mavidiyo akalewo anakhalabe pa intaneti akuphunzitsa zomwezo. Ndipo ngati ena mwa osewera anu ali kuno kwathu, kumene bando ya intaneti imawerengedwa mosamala, munthu sangaonere vidiyo ya theka la ola kuti adziwe batani limodzi. Phunziro likhale mkati mwa ulendo weniweni, lizibwera pa nthawi imene likufunika. Kerbal Space Program 2, amene anatuluka mu February 2023, anayesa timavidiyo tatifupi ta zojambula, ndipo pa mbali imeneyo anachita bwino kuposa oyamba, koma masewerawo ankayenda mojejema ngakhale pa makompyuta amphamvu, ndipo ntchito yowapanga inaima mu 2024. Yesani anu pa laputopu yofooka musanawonjezere zokongoletsa zina.

Nkhani ya makina odziyendetsa okha imagawanitsa osewera. Ena amati kugwiritsa ntchito MechJeb ndi kubera, ena amati anaphunzira kuuluka poonerera mmene makinawo amachitira. A Frontier Developments, amene amapanga Elite Dangerous, masewera ena a zombo za mumlengalenga, mu 2019 anapatsa atsopano chipangizo choimika chombo chokha pa siteshoni ndiponso dera lawolawo loyambira kumene akatswiri sangawavutitse. Maganizo anga ndi akuti makinawo aonetse kamodzi, wosewera achite yekha kamodzi, kenako apatsidwe ufulu wosankha, chifukwa kukwera mu orbit koyamba ndi chisangalalo chimene simuyenera kumulanda, koma kukwera kwa makumi awiri ndi ntchito chabe.

Pa kayesedwe kanu, ndikukayikira kuti mukumakhala pambali pa woyesayo n'kumamuuza zochita, monga amachitira aliyense amene wapanga chinthu chake. Lekani kutero. Pezani munthu amene sanaonepo masewera a mtundu umenewu, mumupatse kiyibodi, mukhale kumbuyo kwake ndi kope, ndipo ngakhale akufunseni musayankhe. Lembani malo alionse amene manja ake aima, batani limene walifunafuna osalipeza, ndi zimene wanena roketi itagwa. Akanena kuti waiwala zipsepse kapena mafuta anachepa, gawo limenelo lili bwino, ngakhale atagwa kakhumi. Akanena kuti sakudziwa chimene chachitika, pamenepo ndi pamene muyambire kukonza, ndipo ndikukulangizani kuti muyambe ndi mzere wa njira ya chombo ndi nambala ya delta-v musanakhudze china chilichonse.